Mutu 6: Masamba a m'Thumba la Zigamba

1. Kope la maganizo

Pasukulu yonse panalibe amene ankamuitana ndi dzina lake lenileni. Onse ankangoti Namasamba. Dzinali anamupatsa ndi mchimwene wake, amene ankati mlongo wakeyu masamba a m'mbale amawakankhira pambali, koma masamba a buku amawamaliza mpaka kunyambita chikuto.

Namasamba anali mu Fomu 2. Chuma chake chonse chinali khadi ya ku laibulale, kakhadi kobiriwira kopindika m'makona, kamene sikankachoka m'thumba la malaya ake a yunifolomu.

Laibulaleyo inali chipinda chimodzi kuseri kwa ofesi ya ahedi. Munali mashelefu asanu, matebulo awiri ndi zenera lokana kutsekeka. Woyang'anira anali bambo wina wachikulire wa magalasi okhuthala, amene ana ankangowati a Laibulale. Pafupi ndi khomo bamboyu anaikapo kope lalikulu, bolopeni yake yomangirira ndi chingwe. Aliyense wobweza buku ankaloledwa kulembamo maganizo ake, osasaina dzina.

Teremu imeneyo kopelo linadzaza ndi nkhani ya buku limodzi lachikuto chakuda, limene ana ankalitchula kuti buku la phulusa. Linkasimba za dziko la m'tsogolo, makina atatentha mizinda yonse, phulusa litaphimba dzuwa kwa zaka khumi ndi ziwiri. Anthu ochepa otsala ankakhala m'chipinda cha pansi pa fakitale, akusamala nyali imodzi ngati khanda.

Wina analemba kuti, "Buku lokoma, koma wolembayo ndi wouma mtima. Watiyendetsa masamba 184 kuti akangotisiya mumdima."

Wina anati, "Ine funso langa ndi limodzi. Zaka 12 popanda sitolo, sopo ankamutenga kuti?"

Winanso, amene zilembo zake zinali ngati papalasa nkhuku, anati, "Ndalikonda chifukwa m'dziko limenelo mulibe mayeso a masamu."

Ankasiyana pa zambiri, koma pa mapeto onse ankagwirizana. Bukulo linkathera pa mawu atatu akuti, "Kenaka nyali inazima." Munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwa kuti si pamenepo pothera, ndipo munthuyo ankadutsa pa kopelo ngati sakuliona.

2. Zimene zinachitika kukhitchini

Namasamba ndiye anayamba kubwereka bukulo litangofika. Analiwerenga ali m'njira, ali pamzere wa pampopi, ngakhale ali kukhitchini. Atatsala pang'ono kulimaliza, amayi ake anamuuza kuti atakase mphika. Posafuna kusiya nkhani pakati, anapindira bukulo kumbuyo kuti aligwire ndi dzanja limodzi. Guluu wa pamsana pa buku anathetheka, ndipo masamba asanu ndi atatu omaliza anasololoka pamodzi n'kugwera pansi.

Anawatola n'kuwawerenga ali chiimire. Kunena zoona, mapetowo anamusangalatsa mpaka misozi. Koma chisangalalo chinatha atakumbukira pepala la pakhoma la laibulale, lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu: WOWONONGA BUKU ADZALANDIDWA KHADI. Ana ankauzana kuti akalanda, alanda chaka chathunthu.

Chaka chathunthu popanda buku, kwa Namasamba, kunali kutha kwa dziko kwenikweniko. Ndiye anachita zimene ambirife timachita mantha akatigwira. Bambo ake anali telala, ndipo pansi pa makina awo osokera pankakhala thumba lalikulu la zigamba. Anakwirira masambawo pansi penipeni pa thumbalo, n'kudziuza kuti mawa apeza guluu. Mawa lakelo linatenga milungu isanu ndi umodzi.

A Laibulale analandira bukulo, n'kuyang'ana chikuto kutsogolo ndi kumbuyo, n'kulibwezera pashelefu. Palibe anazindikira kanthu, poti tsamba 184 linkathera pa mpumiro, ndipo kuseri kwake kunali chikuto basi.

3. Chigamulo cha ahedi

Lachitatu masana ana a kalabu yowerenga anasonkhana mu laibulale monga mwa nthawi zonse. Namasamba anakhala yekha pabenchi, chifukwa mnzake wa desiki imodzi, mtsikana wosalankhulalankhula amene ankamutcha Kaphee, anali asanabwere kusukulu chiyambire Lolemba.

Asanayambe n'komwe, ahedi analowa atanyamula kope la maganizo lija. Anali mayi wamtali, wosafuna kubwereza mawu kawiri.

"Ana inu," anayamba motero, "ine sindidana ndi mabuku. Ndikanadana nawo sindikanakhala pantchito ino mpaka imvi. Koma buku ndi mlendo amene mwamulowetsa m'nyumba. Mlendo akachoka n'kusiya ana akulira, tsiku lina simumutseguliranso. Makolo atatu abwera kale ku ofesi kwanga. Wina akuti mwana wake wa Fomu 1 akungofunsa ngati dzuwa lituluke mawa. Zimenezo ndikanaseka. Koma tamvani izi."

Anatsegula kopelo n'kuwerenga pang'onopang'ono. "Ndamaliza. Nyali yazima, onse atha. Ndiye ife tikuvutikiranji ndi sukulu? Ine ndatopa."

Palibe amene anaseka.

"Amene walemba mawuwa sindikumudziwa," ahedi anapitiriza, "koma ndi mwana wanga, ndipo ndili ndi nkhawa. Ena a inu mumachokera m'nyumba zimene muli kale mavuto okwanira. Simufunikanso buku loti likuuzeni kuti kutsogolo kulibe kanthu. Nkhani yoopsa siiipa ayi. Yoipa ndi nkhani imene imakugwetsa pansi n'kukusiya pomwepo. Choncho Lachisanu shelefu yonse ya mabuku a kutha kwa dziko ilowa m'katoni."

Mnyamata wa zilembo zopalasa uja anakweza dzanja. "Ahedi, bukulo ndi bodza lokhalokha, tikudziwa. Koma bodza lake ndi lokoma. Chibadwire ine ndi buku loyamba kulimaliza."

"Achotse basi," anatero mtsikana wina wa Fomu 4. "Ine linandinyansa. Anthu avutike zaka zonsezo, malipiro ake mdima?"

Ahedi anatembenukira kwa a Laibulale. "Nanga inu bambo, mukuti bwanji?"

A Laibulale anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. "Ndisaname, mayi. Zilembo zake ndi zing'onozing'ono, maso angawa anakana. Ndangodalira zimene ana alemba."

Namasamba anatsegula pakamwa, koma dzanja lake linali litagwira kale thumba la malaya mmene munali kakhadi kaja. Anatsekanso pakamwapo. Belu litalira, anatuluka woyamba.

4. Masamba ali pamoto

Atafika kunyumba sanavule n'komwe yunifolomu. Bambo ake anali atatuluka kukapereka zovala za kasitomala, ndiye analowa m'chipinda chawo chosokera n'kukhuthula thumba la zigamba pansi. Munatuluka tinsalu tamaluwa, mazipi othyoka, kolala ya malaya ndi mabatani. Pepala munalibe ngakhale limodzi.

Anathamangira kukhitchini. "Amayi, masamba amene anali m'thumba mwawaona?"

"Ndawaduladula kale," amayi ake anayankha osatembenuka. "Ali pamoto."

Namasamba anakhala pansi pakhomo pomwepo. "Mwawatentha onse?"

"Kutentha? Ine ndinayamba ndapserezapo ndiwo? Iwe lero wayamba liti kufunsa za masamba, munthu woti ukamadya umachita kuwasankhula?"

Amayiwo anavundukula mphika, nthunzi n'kutuluka. Munali masamba ogula kumsika, obiriwira bwino. Namasamba anaseka, koma kuseka kwake kunathera m'misozi, moti amayi ake anamuyang'ana ngati wadwala mutu.

"Masamba akufunawo si amenewo ayi."

Anali bambo ake, amene anali atangobwerako kumene, ataima pakhomo, tepi yoyezera ili m'khosi. Anamukodola ndi chala. Atalowa m'chipinda chosokera, anatsegula kadirowa ka makina n'kutulutsa masamba asanu ndi atatu aja, osalala bwino.

"Ndinawapeza sabata yatha ndikufuna chigamba cha buluku," anatero. "Anali atakwinyika, ndiye ndinawasita. Ndawawerenga katatu. Ndimadikira kuti mwini wake abwere yekha. Khala pansi, undiuze."

Namasamba anafotokoza zonse, za mphika, za khadi, za kope ndi za katoni ya Lachisanu. Bambo ake anamvetsera akuzunguza gudumu la makina ndi chala.

"Ndiye kuti ine ndawerenga mapeto opanda chiyambi, anzako awerenga chiyambi chopanda mapeto," anatero. "Tonse watipusitsa, munthu mmodzi."

"Sindinachite dala, bambo."

"Kuthothoka kwa masamba sunachite dala, ndikuvomera. Koma kubisa unachita dala, ndipo wakhala ukubisa m'mawa uliwonse kwa milungu isanu ndi umodzi. Tamvera, mwana wanga. Ine pantchito inoyi ndinalakwitsapo kudula nsalu ya munthu. Inali ya diresi la mayi wina, ndipo ndinadula mkono umodzi waufupi. Ndinaganiza zobisa, ndinene kuti ndi sitayilo. Koma ndinaona kuti akapita nalo pagulu, amene achite manyazi ndi iyeyo, ine ndili phee kuno. Ndinamuitana n'kumuuza. Anakalipa, inde, mpaka anthu a mumsewu anasuzumira. Koma lero ndi amene amandibweretsera makasitomala. Chinthu chong'ambika chimasokeka. Chovuta ndi chimene wachipinda n'kuchiika pansi pa thumba, chifukwa chimenecho chimang'ambikira anthu ena amene sakudziwa n'komwe. Iwe ukuopa kulandidwa khadi. Nanga mwana walemba kuti watopayo, walandidwa chiyani?"

Namasamba anatenga masamba aja.

"Mundiperekeze mawa, bambo?"

"Ayi. Ine ndimasoka nsalu, pakamwa pa munthu sindisosola. Koma bwera kuno ndikuonetse china chake."

Anatenga nyuzipepala yakale, n'kuipinda ngati buku. Kenaka anatenga singano yaikulu ndi ulusi wolimba wosokera majekete, n'kumuphunzitsa kuboola mabowo asanu pamsana ndi kudutsitsa ulusi mobwerera. Namasamba anadzibaya kawiri. Kachitatu msoko unagwira.

5. Tsamba 185

Lachinayi pa nthawi yopuma, Namasamba analowa mu laibulale. Katoni inali kale pansi, ndipo a Laibulale anali atayamba kutsitsa mabuku a pashelefu ija. Buku la phulusa linali pamwamba pa mulu.

Anaika masamba aja patebulo, pambali pake n'kuikapo khadi yake.

"Bambo, buku ili silinathere pomwe anthu akunenapo. Masamba ake ndi awa. Anathothoka m'manja mwanga, ndipo ndinawabisa."

A Laibulale anayang'ana masambawo, n'kuyang'ana khadi, n'kumuyang'ana iye. Sanakalipe. Anangotuma mwana wina kuti akaitane ahedi, ndiponso ana onse a kalabu amene angapezeke panja.

Onse atasonkhana, Namasamba anabwereza mawu ake pamaso pawo. Kachiwirika kanali kowawa kuposa koyamba, chifukwa mtsikana wa Fomu 4 uja anatsonya mokweza.

"Tiwerengere," anatero ahedi. "Yambira pomwe tinalekezera."

Namasamba anatsegula bukulo patsamba 184. "Kenaka nyali inazima." Anatenga tsamba lothothoka loyamba n'kupitiriza. "Anaizimitsa ndi mwana wamng'ono uja, chifukwa inali yosafunikanso. Pamng'alu wa chitseko panali kulowa kuwala kumene iye anali asanakuonepo chibadwire. Anafunsa amayi ake kuti, kodi wayatsa nyali yaikuluyo ndani?"

"Dzuwa," ananong'ona mwana wina wa Fomu 1.

Namasamba anawerenga masamba onse asanu ndi atatu. Anthu a m'nkhaniyo anatsegula chitseko, natuluka akuphimba maso ndi manja. Anapeza phulusa litakokoloka ndi mvula, ndipo m'mphepete mwa khoma la fakitale munali mutamera timitengo. Atamaliza, mu laibulale munamveka mpweya wa anthu ambiri kutuluka nthawi imodzi, ngati atula mitolo.

"Ndiye wolemba uja ndinamunyoza ulere," anatero mtsikana wa Fomu 4.

"Ndiye kuti mayeso a masamu ayambiranso," anadandaula mnyamata wa zilembo zopalasa, ndipo ngakhale ahedi anaseka.

"Bwezerani mabukuwo pashelefu, bambo," anatero ahedi. "Za mwanayu muweruze ndinu, laibulale ndi yanu."

A Laibulale anatenga kakhadi kobiriwira kaja n'kukagwira m'manja.

"Ndiyambe ndi ine ndemwe," anatero. "Ndinalandira buku osawerenga masamba ake, ndipo ndinatsala pang'ono kutsekera shelefu yonse m'katoni chifukwa cha zomva. Nonsenu muphunzirepo. Maganizo a wowerenga ndi chinthu chabwino, n'chifukwa chake ndinaika kope lija. Koma musanalembe kuti buku ndi loipa, onetsetsani kuti mwafika kumapeto enieni. Anthu makumi awiri akhoza kugwirizana chimodzi, onsewo ali olakwa, ngati onse anaima pa tsamba limodzi. Ndipo si mabuku okha. Mudzamva nkhani za anzanu, za aphunzitsi anu, ngakhale za moyo wanu womwe, zooneka ngati zathera pa mpumiro. Musamafulumire kutseka chikuto. Muzifunsa kaye ngati palibe masamba ena amene simunawaone."

Kenaka anatembenukira kwa Namasamba. "Tsono iwe. Lamulo likuti wowononga buku adzalandidwa khadi. Ndalanda." Anaiponya m'dirowa n'kutseka.

Namasamba anagwedeza mutu. Misozi inalengeza, koma sanatsutse.

"Koma lamulo lija ndinalemba ndine, ndipo masiku sindinalembe. Za chaka chathunthu munapeka nokha. Ukanadikira kuti ndikugwire ndekha, mwina chikanakwanadi chaka. Poti wabwera ndi miyendo yako, ikhala muno milungu iwiri. Pa milungu imeneyo uzibwera kudzaona buku lililonse la pashelefu iyi, tsamba ndi tsamba, ngati lili lokwanira. Nanga buku ili tilimata ndi chiyani?"

Namasamba anapisa m'chikwama n'kutulutsa singano ndi ulusi. Milungu iwiri inamveka ngati mphatso. Anasoka bukulo pomwepo, anzake atamuzungulira, mabowo asanu monga anamuphunzitsira bambo ake. Atamaliza, a Laibulale analigwira pachikuto n'kulikutumula. Palibe tsamba linagwa.

6. Zilembo zopendekera kumanzere

Ataweruka, Namasamba anabwereranso ku laibulale. Thupi lake linali lopepuka, moti masitepe atatu a pakhomo anawalumpha kamodzi. Kwa nthawi yoyamba teremu imeneyo anaima pa kope la maganizo n'kugwira bolopeni ya pachingwe.

Analemba kuti, "Buku ili limaopsa, koma silikusiya mumdima. Amene munaliwerenga kale, bwerani mudzayambire patsamba 185. Pepani, wolakwa ndine." Ngakhale zinali zosafunika, anasaina kuti Namasamba.

Asanatseke, anabwerera m'mbuyo masamba awiri kuti aone zimene anzake analemba. Anaseka za sopo zija. Kenaka maso ake anafika pa mawu amene ahedi anawerenga dzulo lake, ndipo kuseka kunatha.

Zilembozo zinali zing'onozing'ono, zopendekera kumanzere. Ankazidziwa ngati zake zomwe, poti ndi zimene ankakopera manotsi tsiku lililonse akachedwa kulemba. Zinali za Kaphee, amene malo ake padesiki anali opanda munthu kwa masiku anayi.

"Bambo," anatero, "ndikupempha kubwereka buku la phulusa."

"Khadi ulibe," a Laibulale anayankha.

"Si ine ndikufuna kuwerenga." Anawalozera mawu aja m'kopemo. "Ndamudziwa mwini wake. Aliyense wamva mapeto, kupatula iyeyu."

A Laibulale anayandikitsa kopelo kumaso kwawo. Kenaka anatulutsa khadi yawoyawo m'thumba la jekete, n'kulembetsa bukulo m'dzina lawo.

"Ahedi ndikawauza ndine," anatero. "Iwe pita. Ndipo usalipindenso."

Kwawo kwa Kaphee kunali kuseri kwa malo okonzera magalimoto, nyumba yachitatu ya chitseko chabuluu. Namasamba anayenda msewu wonse atakumbatira bukulo pachifuwa. Makatani a nyumbayo anali otseka ngakhale dzuwa linali likadalipo. Anagogoda kawiri.

Anatsegula ndi amayi ake a Kaphee, maso ali ofiira. Anamuyang'ana Namasamba, n'kuyang'ana buku lakudalo, kenaka n'kupatuka pakhomo.

"Wachita bwino kubwera, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Mnzako wadzitsekera kuchipinda. Ife tayesa chiyambire Lolemba, sakutiyankha. Lowa, mwina iwe akutsegulira."

Namasamba anaika chala patsamba 185, n'kulunjika ku chitseko cha kuchipinda.